Chidole chakale cha loboti chikakana kupindika

Pali zidole zambiri za maloboti osandulika zomwe zinapirira m'manja mwa ana a zaka za m'ma 1980, zinagona m'makatoni zaka 40 popanda vuto, koma n'kudzathyoka tsiku lomwe zafika kwa munthu wamkulu wozikonda. Nkhani yake imayenda chimodzimodzi. Phukusi lafika, mwatsegula, mtima uli dyokodyoko kufuna kuona galimotoyo itaimirira ngati loboti. Mwendo umodzi watuluka bwinobwino, winawo ukukana. Mwangowonjezera mphamvu pang'ono, mukumva kuti thyo, kachidutswa kagwera patebulo.

Chikakhala chidole chotchuka, vutolo limachepa. Optimus Prime wa 1984, loboti yotchuka ya Transformers, anapangidwanso kambirimbiri, malangizo ake ali ponseponse pa intaneti, ndipo ziwalo zake zimapezeka. Ife amene timasaka zosadziwika kwenikweni, monga Convertors za kampani ya Select, Zybots za Remco, Road Bots za Marchon kapena tizilombo ta Beetras ta Takatoku, mwayi umenewo tilibe. Pepala la malangizo linatayika kalekale, kampani ina inatsekedwa, ndipo kuti mupeze dzanja lolowa m'malo mwa lothyokalo muyenera kugula chidole china chathunthu, ngati chingapezeke n'komwe. Choncho luso lalikulu pa ntchito yathuyi ndi kudziwa chimene chikukanitsa chiwalo kuyenda musanachikankhe. Chiwalo chilichonse chokana chili ndi chifukwa chake, ndipo chifukwacho chimaoneka ngati mwayang'ana bwino.

Yambani mwachitembenuza chagada

Musanapinde kalikonse, funani chidindo. Chimakhala kunsi kwa galimoto, kuseri kwa mwendo kapena m'kati mwa phazi: dzina la kampani, chaka, ndi dziko lomwe chinapangidwira. Tizilembo timeneti ndi tomwe tingakupezereni malangizo, chifukwa zidole za nthawi imeneyo zinkayenda ndi mayina ambiri. Machine Robo, yomwe Popy, nthambi ya Bandai, inayamba ku Japan mu 1982, inafika ku America mu 1983 kudzera kwa Tonka ndi dzina la GoBots. Ku Europe inali Robo Machine, ku Australia Machine Men. Diaclone ya Takara ya 1980 ndi Micro Change ya 1983 ndi zomwe Hasbro inasandutsa Transformers mu 1984, pamene ku Italy kampani ya GiG inkazigulitsa monga Trasformer, ndipo ku France Joustra inasunga dzina la Diaclone. Takatoku itagwa mu 1984, zikombole zake zinapitiriza ulendo: Mugen Calibur ndi Ovelon Gazzette za katuni ya Dorvack zinakhala Roadbuster ndi Whirl a Transformers, Beetras zinakhala Deluxe Insecticons, ndipo Valkyrie ya katuni ya Macross inakhala Jetfire. Mfuti ya ToyCo yotchedwa Astro Magnum ndi Shockwave wa Transformers yemweyo, ndiponso Galactic Man wa m'masitolo a Radio Shack.

Phindu lake ndi ili: chidole chanu chosadziwikacho nthawi zambiri chili ndi m'bale wake wotchuka. Mukapeza m'baleyo, mwapeza malangizo, komanso mwapeza zomwe anthu ena anathyola kale pa chikombole chomwecho. Aliyense amene ali ndi Ligier JS11 ya Diaclone ayenera kudziwa kuti Mirage, m'bale wake wa Transformers, amathyoka m'chiuno. Amene ali ndi Fairlady Z adziwe kuti abale ake Prowl, Bluestreak ndi Smokescreen amaduka denga, chifukwa limagwira pa pulasitiki yoonekera yopyapyala.

Chenjerani ndi zofanizira, zija zinkapangidwa popanda chilolezo ku Taiwan, Hong Kong ndi South Korea. Zambiri zilibe chidindo, kapena pamalo pa chidindo pali kachigamba kosalala posonyeza kuti dzina linafufutidwa m'chikombole. Ine ndimazikonda, zina ndi zosowa kuposa zenizeni. Koma opanga ake ankachepetsa ziwalo kuti asaononge ndalama zambiri, ndiye pamene chenicheni chimazungulira, chofanizira chimangokhala ndi mzere wojambulidwa wooneka ngati polumikizira. Mukatsatira malangizo a chenicheni osayang'ana, muzungulitsa chinthu chomwe sichinapangidwe kuti chizungulire.

Kenako chikhudzeni paliponse kuti mudziwe kuti chiwalo chilichonse ndi cha chiyani. Pozizira ndi polemera ndi chitsulo chosungunula cha zinki. Maginito sagwira pamenepo, koma amagwira pa mapini ndi masikuluwu, choncho kamaginito kakang'ono kamakuuzani pomwe pabisala sikuluwu pansi pa sitika popanda kuimatula. Malo oopsa kwambiri pa chidole chilichonse ndi pamene chitsulo cholemera chalumikizana ndi pulasitiki yopyapyala. Chiuno cha Mirage chija chimathyoka pa chifukwa chimenechi: kapulasitiki kochepa kakunyamula miyendo yachitsulo.

Zomwe zimakanitsa chiwalo kuyenda

Choyamba, lekani chidolecho chikhale tsiku limodzi m'chipinda chisanasandulizidwe, makamaka ngati chayenda m'malo ozizira. Pulasitiki yozizira imathyoka msanga kuposa yofunda. Kudikira kumeneku n'kowawa, ndikudziwa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lotsatira, yalani nsalu yoyera patebulo, tengani tochi, ndipo gwedezani chiwalo chokanacho pang'onopang'ono ndi nsonga za zala. Mmene chikuyankhira ndi mmene mudziwire vuto.

Ngati chikusuntha kamtunda kochepa kwambiri kenako n'kugunda chinthu cholimba, si kuuma ayi, chatsekeredwa. Pali kadzino kokowa penapake, kapena pali chiwalo china chomwe chimayenera kusuntha choyamba. Opanga a nthawi imeneyo ankakonda ziwalo zoti uyambe wakoka ndipo pokhapo uzungulitse, komanso timabatani tobisika tomasulira miyendo. Walitsani tochi mumpata, muone chomwe chikugundana ndi chinzake. Bwererani pa sitepe yomwe munachokera ndi kugwedeza ziwalo zoyandikana nazo chimodzichimodzi. Mwa mavuto onse, ili ndi lomwe limathyoketsa zidole zambiri zopanda malangizo, chonsecho mankhwala ake safuna chida chilichonse.

Ngati chikuyenda koma molemera, n'kumamveka kuti kwekwe ngati muli mchenga, ndi litsiro. Fumbi, thukuta la m'manja ndi zakumwa zomwe zinatayikira zaka zapitazo zimauma n'kukhala zomatira. Viikani kamtengo kathonje m'madzi ofunda okhala ndi kadontho ka sopo wotsukira mbale, pukutani mozungulira polumikizirapo, osakhudza masitika. Musaviike chidole chonse m'madzi. Masitika akale ndi apepala, ndipo madzi akalowa m'kati amakasiya dzimbiri pa mapini ndi masipuling'i pomwe simungapukute. Pakauma, donthezani kadontho kamodzi ka mafuta a silikoni ndi nsonga ya kotokosera m'mano. Mafuta a silikoni oika m'mashoko a timagalimoto toyendera rimoti ndi abwino kwambiri. Siyani usiku wonse. Mafuta a makina osokera, girisi wa galimoto ndi opopera omasulira dzimbiri aja asayandikire, chifukwa ochokera ku petulo amafewetsa labala ndipo amatha kuyambitsa ming'alu pa pulasitiki yakale.

Ngati kumapeto kwa pini kukuoneka kabanga kofiirira, vuto ndi dzimbiri, ndipo apa pafunika mtima wautali. Dzimbiri limatenga malo ambiri kuposa chitsulo chomwe ladya, choncho pini yadzimbiri imatupa n'kumakankha pulasitiki kuchokera m'kati. Hinjesi yoteroyo ili kale pa mpanipani musanaikhudze n'komwe. Donthezani silikoni mbali zonse ziwiri, dikirani masiku awiri kapena atatu, ndipo tsiku lililonse muzigwedeza pang'ono osafuna kufika kumapeto. Ngati sizikutheka, pini ikhoza kutulutsidwa. Yang'anani nsonga zake zonse ziwiri ndi galasi lokulitsa zinthu: nthawi zambiri nsonga imodzi imakhala ndi timizere tokhakhala togwirira pulasitiki, inayo yosalala. Kankhani kuchokera ku nsonga yosalala kuti yokhakhalayo ituluke choyamba. Mukalakwitsa mbali, timizere tija tidutsa m'bowo lonse n'kulikulitsa kapena kuling'amba. Ikani chiwalocho pa thabwa lokhala ndi kabowo pansi pa pini kuti pulasitiki ikhale ndi potsamira. Koma mukaona mng'alu kale mozungulira pini, siyani. Chidole chosapinda mkono umodzi chimaposa chopanda mkono.

Ngati ziwalo ziwiri zamatirana chamatirane, yang'anani ngati chimodzi ndi chofewa. Pulasitiki yofewa ya PVC, yomwe ankapangira timapaipi, tinyanga, zida zina ndi matayala ena, ili ndi mankhwala oifewetsa omwe amatuluka pang'onopang'ono. Akagundana ndi pulasitiki yolimba kwa zaka zambiri amaisungunula, ziwirizo n'kugwirana. Penti wa pa chitsulo nayenso amatha kumatirira pa chiwalo chomwe wakhala akukhudzana nacho. Fundani pamalopo ndi manja, kapena ikani chidole m'pepala la pulasitiki lotseka bwino n'kuviika mbali yokhayo m'madzi ofunda oti dzanja lanu likhoza kupirira. Kenako lowetsani kachidutswa kopyapyala ka pulasitiki mumpata, osati mpeni. Madzi owira ayi: ABS, pulasitiki yolimba ya zidolezi, imayamba kufewa cha pa madigiri 105 Celsius, ndipo ziwalo zopyapyala zimatha kupindika zisanafike pamenepo.

Chotsiriza ndi chokhumudwitsa: mwini wake wakale anamata. Mudzaona kaufa koyera ngati nkhungu mozungulira polumikizira, kapena kamzere konyezimira kolimba. Ndi supa guluu. Anthu amathamangira acetone, ija yochotsera penti wa zikhadabo, yomwe imachotsadi guluuyo, koma imasungunulanso pulasitiki ya ABS ndi ya polystyrene nthawi yomweyo. Palani pang'onopang'ono ndi nsonga ya kampeni pomwe mungafikire. Ndipo dzifunseni chifukwa chake anamata. Nthawi zambiri pansi pa guluuyo pali chothyoka kale.

Kagwiridwe nakonso n'kofunika. Gwirani pafupi penipeni ndi hinjesi, chala chachikulu chikutsamira pa hinjesiyo. Mukagwira kumapeto kwa phiko kapena kwa mwendo, utali wa chiwalocho umachulukitsa mphamvu yanu, ndipo yonse imakathera pa kamalo kochepa komwe n'kofooka kale.

Masikuluwu ndi masipuling'i

Polumikizira pena, makamaka paja polira kuti kete kete pozungulira, pamauma chifukwa sipuling'i ya m'kati ikukankha kwambiri timano tomwe tinakalamba. Kumasula sikuluwu yapafupi pang'ono chabe, gawo limodzi mwa magawo anayi a kuzungulira, kumapatsa timanoto mpata wodutsa osabenthuka. Mukatha kusanduliza mumangenso.

Apa pali msampha. Zidole za ku Japan zili ndi masikuluwu a muyezo wa kumeneko wotchedwa JIS. Mutu wake ndi wamtanda ngati wa masikuluwu wamba a Phillips, koma m'kati mwake mngosiyana, ndipo sikuludiraiva ya Phillips imatha kuterereka n'kudya mutuwo mpaka kukhala bowo lozungulira. Pezani masikuludiraiva a JIS a nambala 00, 0 ndi 1. Kankhani molimba kulowetsa m'kati, zungulitsani pang'ono. Pobwezeretsa sikuluwu, yambani mwaizungulitsa chobwerera m'mbuyo mpaka mumve yagwera m'njira yake yakale, ndipo pokhapo mumange. Mukapanda kutero imadula njira yatsopano m'kachipilala ka pulasitiki, kachipilalako n'kung'ambika.

Mukamatsegula chidole pakati, jambulani chithunzi pa sitepe iliyonse, ndipo tsegulirani m'kati mwa pepala lalikulu la pulasitiki loonekera. Kasipuling'i kochepa ngati mutu wa machesi kakadumpha, kamathera m'pepalamo.

Kamzere koyera

Nthawi zina mukupinda mumaona kamzere koyera kakutuluka pa pulasitiki yakuda kapena yofiira. Imani pomwepo. Kuyerako ndi timing'alu tosaoneka ndi maso tomwe tayamba m'kati. Ena amawotha pamalopo ndi chowumitsira tsitsi, mtundu n'kubwerera, koma chabwerera ndi maonekedwe okha. Mphamvu ya pamalopo yachepa ndithu, ndipo polumikizirapo muzipatenga ngati povulala mpaka kalekale.

Pulasitiki yoonekera, ya magalasi a galimoto ndi a ndege, siichenjeza kawirikawiri, imangosweka. Isakhudzidwe ndi spirit wopukutira, chifukwa amatha kuyambitsa ming'alu pomwe pali mpanipani. Ziwalo zonyezimira ngati siliva nazonso muzisamale: kunyezimirako ndi kakhungu kopyapyala kwambiri ka aluminiyamu kopakidwa pa pulasitiki, kamachoka ndi thukuta la zala ndi kupukuta. Mankhwala opukutira zitsulo amakachotsa nthawi yomweyo.

Pulasitiki yagolide

Pali vuto limodzi lomwe kudekha konse sikulithetsa. Osonkhanitsa zidole amalitcha Gold Plastic Syndrome, mwachidule GPS. Limagwira pulasitiki yamtundu wagolide kapena wamkuwa yokhala ndi timizere tokhotakhota tonyezimira m'kati mwake, yomwe inkagwiritsidwa ntchito kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 ndi m'ma 1990. Pulasitiki wamba ikamathyoka imayamba yapindika, yayera, kenako n'kuduka mosalala. Iyi imangofumbutuka ngati chigulumwa cha dothi louma, ndipo pothyokapo pamaoneka pamchengamchenga. Zina zapezeka zitasweka m'bokosi lomwe silinatsegulidwepo.

Odziwika ndi vutoli ndi Black Zarak wa Takara wa 1988, Skyhammer wa 1989, Slingshot ndi Electro a Transformers Generation 2 a 1994, ndi Randy wa Beast Wars Neo wa 1999. Koma musadalire mndandanda wa mayina, chifukwa zidole zathu zosadziwikazi palibe amene anazilembera mndandanda. Walitsani tochi chopendekera pa chiwalo chilichonse chagolide, chamkuwa kapena chofiirira. Mukaona timizere tozungulirazungulira m'kati mwa pulasitiki, chitengeni ngati chodwala. Golide wopentedwa pamwamba kapena wonyezimira ngati kalilole ndi nkhani ina, vutoli alibe.

Malangizo anga pa zidole zotere ndi achidule: sankhani maonekedwe amodzi, loboti kapena galimoto, chikhale choncho. Ngati mwachilandira chili loboti, chisiyeni loboti. Musachipanikize zida m'manja, chifukwa kachibowo ka m'dzanja ndi komwe kamayamba kung'ambika. Ngati mukufunitsitsa, palani kachigwiriro ka chida chofanizira kuti kazilowa momasuka, osati ka chenicheni. Mudzamva ena akunena zopaka mafuta osiyanasiyana kuti pulasitikiyo itsitsimuke. Mafuta amachepetsa kukhulana pa polumikizira, zimenezo n'zoona, koma sabweza mphamvu ya pulasitiki yomwe yafooka m'kati monse. Ndimamva chisoni kunena izi, chifukwa chidole chosandulika chinapangidwa kuti chizisandulika. Komabe ndi bwino kuti amene adzachisunge pambuyo panu adzachipeze chathunthu.

Chikakhala chogwedera

Vuto lotsutsana ndi kuuma kwa ziwalo ndi lofala kwambiri pa timaloboti tating'ono ta Machine Robo, tija ta 600 Series tomwe tinkagulidwa mayeni 600 ku Japan, ndi abale awo a GoBots. Mikono imangolendewera, miyendo yokoka imabwerera m'kati loboti ikangoimirira. Pulasitiki inaperepeseka ndi kuseweretsa.

Yambani ndi sikuluwu, mwina yangomasuka. Mangani mpaka igwire, osapitirira. Ngati si sikuluwu, mankhwala omwe ambiri timadalira ndi polishi wapansi wa akiriliki wosungunuka m'madzi, uja osonkhanitsa zidole anazolowera kumutcha Future. Ikani kadontho ndi kotokosera m'mano, gwedezani chiwalocho kangapo kuti alowe, siyani tsiku lathunthu. Akauma amasiya kakhungu kopyapyala kodzaza mpata. Ngati sichinakwane, onjezerani kachiwiri. Ubwino wake ndi woti mukapitirira muyeso zimabwezeka.

Ena amagwiritsa ntchito supa guluu, kumagwedeza chiwalo mpaka aume. Pa chidole chomwe chili ponseponse, ndi zawo. Pa chosowa, ine sindivomereza. Mukachedwa pang'ono chiwalo chauma mpaka kalekale, nthunzi ya guluuyo imasiya nkhungu yoyera pa magalasi ndi pa zonyezimira, ndipo polumikizira pothina mopitirira ndi pomwe padzathyoke chaka chamawa. Cholinga ndi chakuti loboti iime yokha, basi.

Ngati chathyoka kale

Tolani kachidutswa kalikonse, ngakhale kochepetsetsa, musunge m'kapepala kotseka. Musayese kulumikiza mobwerezabwereza kuti muone ngati zikugwirizana, chifukwa mukuperepesa m'mphepete momwe mufunika kugwirana bwino.

Zomatira zimatengera mtundu wa pulasitiki. ABS ndi polystyrene zimagwira bwino ndi zomatira zosungunula zomwe omanga timamodelo amagwiritsa ntchito, zopangidwira ABS. Zimasungunula mbali ziwirizo n'kuzisandutsa chimodzi. Timagiya ndi polumikizira pena ndi pa nayiloni kapena pulasitiki yotchedwa POM, zoterera, ndipo guluu wamba sagwirapo ngakhale pang'ono. Chitsulo cha zinki chimafuna guluu wa epoxy wosakaniza magawo awiri. Pulasitiki yagolide ija, epoxy ndi yomwe imathandizako, koma yembekezerani kuti ikhoza kusweka pambali pa pomwe mwamata.

Paliponse ponyamula katundu, guluu payekha sakwanira. Boolani kabowo mbali zonse ziwiri ndi kadirilo kozungulitsa ndi zala, lowetsani kawaya ka mkuwa ka milimita 0.8 kapena 1, ndipo mumate. Kuti mabowo ayang'anane, ikani kadontho ka penti pakati pa mbali imodzi, gunditsani inayo, muboole pomwe pentiyo wasiya chizindikiro. Ndipo mukadzagulitsa kapena kusinthanitsa chidolecho, nenani kuti chinakonzedwa. Amene adzachilandire ayenera kudziwa pomwe sayenera kukankha.

Zina zomwe mudzakumana nazo

Chitsulo cha zinki chikayamba kutupa, penti n'kutuluka matuza ndi timing'alu tambirimbiri, ndi matenda a zinki, omwe amayamba chifukwa cha mtovu ndi zosafunika zina zomwe zinalowa m'chitsulocho pochisungunula. Ndi ofala pa zidole za m'ma 1930 mpaka m'ma 1950, koma amapezekanso pa zofanizira zotchipa za pambuyo pake. Chinyezi chimawafulumizitsa ndipo sabwezeka. Chiwalo chotupa chimakanikiza zoyandikana nazo, choncho chidole chotero musachisandulize.

Pulasitiki yoyera yosanduka yachikasu, monga ya Jetfire ndi ma Valkyrie, ndi zotsatira za kuwala kwa dzuwa ndi kutentha pa ABS. Njira yoyeretsera ndi mankhwala a hydrogen peroxide ndi kuwala, yomwe inatchuka pakati pa osonkhanitsa makompyuta akale ndi dzina la Retrobright, imagwiradi ntchito. Koma chikasucho chimabwerera pakapita nthawi, mankhwalawo amaononga masitika, penti ndi zitsulo, ndipo amafuna kuti chidole chiphwasulidwe chonse, komwe ndi kuika kachipilala kalikonse ka sikuluwu pa chiswe. Pa chidole chosowa ndimasiya chikasucho.

Chilichonse chokhala ndi magetsi, monga Astro Magnum ndi batire lake la mavoti 9, tsegulani pa mabatire tsiku loyamba. Ufa woyera wochokera m'mabatire a alkaline umachoka ndi kamtengo kathonje koviika mu viniga, kenako mupukute ndi kuumitsa. Musasunge chidole chili ndi mabatire m'kati. Matayala a labala amang'aluka ndi ukalamba, ndipo akakhala nthawi yaitali atanyamula thupi lachitsulo amaphwatalala mbali imodzi. Ikani kothandizira pansi pa galimoto kuti matayala asagunde shelefu.

Posunga, pewani dzuwa, kutentha ndi chinyezi. Chinyezi cha pakati pa 40 ndi 50 peresenti n'chabwino, ndipo timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi m'bokosi lotseka timathandiza. Ziwalo zofewa zisungeni m'kapepala kawokawo, zisagundane ndi pulasitiki yolimba kapena ndi thovu loyera la m'bokosi lake lakale, lomwe limasungunuka n'kumatirira pa PVC.

Musanagule china

Pemphani wogulitsa zithunzi za chidindo, za kunsi, ndi za polumikizira paliponse pomwe m'bale wake wotchuka amathyoka, zojambulidwa pafupi komanso powala. Musamupemphe kuti achisandulize kuti muone ngati chikugwira ntchito, makamaka ngati ndi munthu wongogulitsa katundu wakale yemwe zidolezi sazidziwa. Zambiri zimathyoka pa nthawi imeneyo. Muuzeni achitumize mmene chilili, atachikulunga ndi pepala lofewa kenako ndi lamatuza, zida ndi tiziwalo tochoka zili m'kapepala kapadera, ndipo tepi isakhudze chidole kapena bokosi lake. Ngati ndi chokhala ndi miyendo yachitsulo ndi chiuno chapulasitiki, maonekedwe a galimoto ndi omwe amayenda bwino pa ulendo, chifukwa ziwalo zimakhala zitagwirana. Koma ngati chili kale loboti ndipo chili ndi pulasitiki yagolide, chibwere chili loboti, mikono ndi miyendo itatsamiritsidwa ndi mapepala mbali zonse kuti isagwedezeke m'njira.